Makina a m'kalasi adzere kaye m'manja mwa mphunzitsi

Chiyambireni chaka cha 2023, pomwe boma lidayamba kutumiza matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, nkhani ya makina m'kalasi siikuchoka pakamwa pa anthu kuno ku Mzuzu. Imabuka pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, imabuka pa mapologalamu a pa wailesi omwe anthu amaimbako foni, ndipo m'magulu a WhatsApp a makolo imatha kufika pokwiyitsana. Ena akuti uku n'kutaya ndalama pomwe ana akukhala pansi m'makalasi odontha. Ena akuti tachedwa kale, mwana aliyense apatsidwe chake aziphunzira yekha monga akuchitira anzathu kunja. Ine ndaima apa: makina alowe m'kalasi ndipo asachedwe, koma adzere kwa mphunzitsi. Pa ndalama iliyonse yomwe dziko lino lingaike pa luso lamakono m'sukulu, gawo loyamba lipite ku foni ya mphunzitsi, ku bandulo yake, ku maphunziro ake ndi kwa munthu wodzakonza chikawonongeka. Chogwira mwana m'manja chibwere pambuyo pa zimenezi, osati patsogolo.

Kuti timvane bwino, tiyambe tafunsa kuti makinawo tikuwaitanira vuto lanji. Kafukufuku wa m'mabanja wa MICS wa 2019 mpaka 2020 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14 m'dziko muno, 19 okha ndi omwe amatha kuwerenga nkhani yosavuta n'kuimvetsa, ndipo pa masamu chiwerengerocho chidatsika kufika pa 13. Gwero la vutoli tonse tikulidziwa. Mu 1994, pomwe sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma lidalemba mothamanga aphunzitsi zikwizikwi omwe adali asanapite ku koleji. Kuyambira pamenepo takhala tikuthamangitsa chiwerengero chomwe chimatithawa chaka ndi chaka. Mfundo ya boma imafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma aliyense amene adasuzumirapo m'kalasi ya Sitandade 1 ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo akudziwa kuti nambala imeneyi imakhala pa pepala basi. Ndiye kuti vuto lathu lalikulu ndi munthu mmodzi woima kutsogolo kwa khamu la ana, wopanda mabuku okwanira, wopanda womufunsa akasokonekera, amene mwina mutu womwe akuphunzitsa lero adaumva komaliza ali pa sukulu iye mwini. Chipangizo chilichonse chomwe sichikumupepukitsira munthu ameneyu ntchito chabwera kudzayankha funso lomwe palibe adafunsa.

Tsono taonani masamu ake. Tabuleti imodzi m'manja mwa mwana imathandiza mwana ameneyo, kapena ana angapo osinthana nayo. Foni imodzi m'manja mwa mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya CDSS imafikira aliyense amene adzadutse m'kalasi mwake chaka chino, chaka chamawa ndi zaka zonse zomwe iye adzagwire choko. Ma CDSS ambiri alibe labotale, ndipo aphunzitsi ake ambiri adachita kukwezedwa kuchokera ku pulayimale. Mphunzitsi wotere amafotokoza za asidi wosintha mtundu wa madzi m'botolo pomwe iye mwini sadazionepo ndi maso. Amangolemba pa bolodi zomwe zili m'buku, ana n'kukopera, n'kuloweza. Mupatseni vidiyo ya mphindi zisanu yoonetsa zimenezi, aionere usiku kunyumba kawiri katatu, m'mawa mwake aonetse ana m'timagulu, ndipo phunziro lomwelo lasanduka lina. Sadachoke m'kalasi, sadalowedwe m'malo, wangokhala mphunzitsi wodziwa chomwe akunena. Uku ndiye kulowetsa luso lamakono m'kaphunzitsidwe, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugulira ana onse a m'kalasimo chipangizo.

Izi sizachilendonso kwa ife, ngakhale achinyamata ena amayankhula ngati kuphunzira uli kutali kudayamba ndi Zoom. Malawi Correspondence College idakhazikitsidwa mu 1965, ndipo makolo athu ambiri adapeza satifiketi kudzera m'makalata ndi wailesi. Malo omwe ophunzirawo ankakumaniranapo ndi omwe adadzasanduka ma CDSS mu 1998, chifukwa zidaoneka kuti mwana wongopatsidwa timabuku popanda womuyang'anira safika patali. Pologalamu ya Tikwere, yomwe idayamba kumveka pa MBC mu 2008, idakondedwa chifukwa chimodzi: mawu a pa wailesi ankayankhula ndi mphunzitsi wa m'kalasi, kumuuza kuti aimiritse ana, awafunse, awagawe, kenako n'kudikira kuti iye achite. Wailesi inkatsogolera, koma wogwira ntchito adali munthu. Kenako kudabwera Covid-19. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, tidayesa wailesi, tidayesa intaneti, ndipo pomwe makalasi a mayeso ankatsegulidwanso mu Seputembala tonse tidali titaona zotsatira zake. Mwana wa m'banja lokhala ndi magetsi, foni yabwino ndi kholo lomukhazika pansi adapitiriza. Ana ambiri a ku Masasa ndi ku Ching'ambo adakhala miyezi yonseyo akugulitsa mandasi ndi kutunga madzi, ndipo atsikana ambiri m'dziko muno sadabwererenso ku sukulu. Maphunziro adalipo pa mphepo, koma mphunzitsi atachotsedwa pakati, adafika kwa ochepa okha omwe adali kale pabwino.

Otsutsa oyamba ndi omwe amati madesiki kaye. Mfundo yawo ndi yolemera ndipo sindiichepetsa. Amati n'chipongwe kubweretsa tabuleti pa sukulu yomwe ana amakhala pa simenti yozizira ya mu Juni kuno ku Mzuzu, pomwe zimbudzi zidadzaza, pomwe mphunzitsi amatha malipiro ake mwezi usanafike pakati. Amakumbutsanso kuti makina onsewa timagula ndi ndalama zakunja zomwe tilibe, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo tsiku lomwelo. Theka la zimenezi ndikugwirizana nalo, ndipo n'chifukwa chake sindikuchemerera zogulira mwana aliyense chipangizo. Koma theka linalo lili ndi msampha. Takhala tikumanga makalasi kuyambira 1994 ndipo sadakwanebe. Ana akubadwa mofulumira kuposa momwe njerwa zikuwotchedwera. Tikanena kuti luso lamakono lidikire mpaka desiki yomaliza itakhomedwa, tanena kuti lisabwere konse. Komanso ndalama zake sizikupikisana momwe anthu amaganizira: zogulira aphunzitsi onse a sukulu imodzi bandulo ya chaka chathunthu sizingamange ngakhale kalasi imodzi. Ndipo pali china chomwe ndimachiona, chomwe mwina sichikoma kumva. Ambiri mwa omwe amakweza mawu kuti madesiki kaye, ana awo ali pa sukulu zolipira komwe homuweki imatumizidwa pa WhatsApp ndipo kompyuta amaigwira kuyambira ali aang'ono. Kudikira komwe amalimbikitsako amadikira ndi ana a anthu ena.

Pa nkhani ya mabuku, anthu a ku Mzuzu sitifunika kuuzidwa zambiri. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa usiku umodzi. Buku la pepala ndi labwino, ndipo mwana wophunzira kuwerenga ayenera kuligwira, kulitsegula, kupita nalo kunyumba. Koma limang'ambika, limanyowa, limabedwa, ndipo silabasi ikasintha limatenga zaka kuti latsopano lifike ku sukulu ya kumudzi. Buku la mphunzitsi lomwe a Malawi Institute of Education ku Domasi alimaliza lero likhoza kukhala pa foni ya mphunzitsi wa ku Lusangazi mawa m'mawa. Kuti mpaka pano mphunzitsi azichita kubwereka buku limodzi lothothoka masamba kwa mnzake wa sukulu ina, si umphawi wokha ayi, n'kusalongosoka.

Otsutsa achiwiri ndi omwe amandivuta kwambiri kuwayankha, chifukwa ali ndi umboni. Awa amati mphunzitsi wa ana 120 sangamve mwana aliyense akuwerenga, ngakhale mutamupatsa foni ya mtengo wanji, pomwe tabuleti imamva. Imampatsa mwana funso lolingana ndi pomwe wafika, akalakwa imamubwezera, akakhoza imamupititsa patsogolo, ndipo siitopa kapena kukalipa. Mapologalamu a bungwe la onebillion, omwe adayamba kuyesedwa ku Lilongwe mogwirizana ndi VSO, adafufuzidwa ndi akatswiri a University of Nottingham ndipo zidaoneka kuti ana amapita patsogolo ndithu, makamaka pa masamu. Bungwe lomweli lidali m'modzi mwa opambana awiri a mpikisano wa Global Learning XPRIZE mu 2019. BEFIT yamangidwa pa maziko amenewa, ndipo cholinga chake n'kufikira ana pafupifupi 3.8 miliyoni a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma pafupifupi 6,000. Sindikuti ndondomekoyi iime. Ndikuti tiyang'ane bwinobwino chomwe chimaiyendetsa. Mwana amakhala ndi tabuleti kanthawi kochepa pa tsiku; maola ena onse ali ndi mphunzitsi yemwe uja. Amene amatsegula kabati yotchajira, kugawa matabuleti ndi mahedifoni, kukhazika ana mwadongosolo, kuona yemwe wangokhala duu akudina paliponse, ndi mphunzitsi. Makina akhoza kudziwa kuti mwana uyu wakakamira pa kuchotsera kobwereka, koma ngati palibe munthu woona zimenezo n'kusintha phunziro la mawa, chidziwitsocho chimafera m'makina momwemo. Ndiye ngakhale pomwe tabuleti yapambana, yapambana itadalira munthu amene ine ndikuti tiyambe naye.

Maiko omwe adamulambalala munthu ameneyu adaluza ndalama zambiri. Dziko la Peru lidagula malaputopu oposa 800,000 a ndondomeko ya One Laptop per Child n'kugawira ana. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 adapeza kuti ana adaphunziradi kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa masamu ndi chiyankhulo sipadasinthe kanthu. Ku Kenya andale adalonjeza malaputopu kwa ana a kalasi yoyamba pa kampeni ya 2013, matabuleti adayamba kugawidwa mu 2016, ndipo pofika 2019 boma lidasintha maganizo n'kuyamba kukamba zomanga zipinda za makompyuta. Maiko awiri onsewa ndi olemera kutiposa. Chomwe chidasowa sichidali chipangizo. Aphunzitsi adapatsidwa maphunziro a masiku ochepa, kenako n'kusiyidwa okha ndi makatoni.

Palinso mbali ina yomwe anthu okhala ku Lilongwe saiganizira msanga. M'kalasi imodzi ku Chibavi kapena ku Chiputula muli mwana woyankhula Chichewa kunyumba, wina Chitumbuka, wina Chitonga, wina Chinkhonde kapena Chilambya. Zambiri zomwe zimaikidwa pa makinawa zili m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Kwa mwana wanga kapena wanu wokulira m'Chichewa palibe vuto, koma mnzake wa pa benchi yomweyo, makamaka wochokera kumidzi yozungulira mzinda uno, akumva malangizo m'chiyankhulo chomwe akuchiphunzira kumene. Amene amaona nkhope ya mwanayo kuti yasochera, n'kumubwerezera mawu awiri atatu m'Chitumbuka mpaka maso ake atawala, ndi mphunzitsi wa pamalopo. Luso limeneli silidalembedwe mu silabasi iliyonse, koma sukulu za chigawo chino zimayenda nalo tsiku ndi tsiku.

Ndiye pali funso la chaka chachinayi kapena chachisanu, pomwe mabatire ayamba kufooka, magalasi asweka, ndipo obweretsa thandizo alongedza. Aliyense amene adakulira kumudzi akuudziwa mjigo womwe udatsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, koma patatha zaka ziwiri udaima chifukwa cha kamphira kakang'ono komwe padalibe wodziwa kukagula kapena kukaika. Mijigo yomwe imakhalitsa ndi ija yomwe ili ndi komiti, thumba la ndalama ndi mmisiri wa m'dera momwemo. Matabuleti sadzasiyana ndi zimenezi. Mu 2025 tidaona momwe thandizo la dziko la America lidadukira mwadzidzidzi, ntchito zambiri za umoyo ndi maphunziro n'kuima pakati panjira. Chipangizo chomwe moyo wake wonse wadalira wopereka thandizo chimafa tsiku lomwe iye wanyamuka. Luso lomwe lalowa m'mutu mwa mphunzitsi limatsala. Mzinda uno uli ndi Mzuzu Technical College, uli ndi ophunzira za makompyuta ku Mzuni, uli ndi anyamata ambiri okonza mafoni ku msika; kulephera kulumikiza anthu amenewa ndi sukulu zowazungulira, n'kumadikira mmisiri wochokera ku likulu, kungakhale kufuna tokha.

Otsutsa achitatu ndi makolo, ndipo mantha awo ndimawamva chifukwa nanenso ndine kholo. Amati foni yawononga ana: TikTok mpaka pakati pa usiku, kubetcha mpira, zithunzi zolaula, azibambo akuluakulu onyengerera atsikana a sukulu pa Facebook. Amakumbutsa za Novembala 2020, pomwe mayeso a MSCE adaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala adali atazungulira kale pa mafoni, ana osalakwa n'kukalembanso mu Januwale 2021. Zonsezi n'zoona. Koma taonani kuti zomwe ndikunena sizikufuna kuti mwana alowe m'kalasi ndi foni m'thumba. Sukulu zomwe zimaletsa ophunzira kubwera ndi mafoni zipitirize kuletsa. Ngakhale UNESCO mu lipoti lake la 2023 idachenjeza kuti foni ya mwana m'kalasi imasokoneza chidwi. Za mayeso zija, foni idangofalitsa chomwe munthu wamkulu, wopatsidwa udindo wosunga mapepala, adatulutsa. Ndipo mantha a makolowa, mukawatsata mpaka kumapeto, amafika ku mbali yanga. Mwana adzaigwira foniyo basi, kaya ya mchimwene wake kaya ya mnzake wa pa mpanda. Ngati kusukulu kulibe wamkulu womuonetsa kuti chinthu chomwechi chili ndi mapepala a mayeso akale, chili ndi mtanthauziramawu, ndiponso kuti si zonse zolembedwa pa intaneti zomwe ndi zoona, ndiye kuti aphunzitsi ake a intaneti adzakhala anzake a msinkhu wake. Lero kufunsira malo ku yunivesite ndi kufunsira ngongole ya sukulu zikuchitika pa intaneti. Mwana wa Fomu 4 amene sadagwirepo kiyibodi amakalipira munthu wa pa kafe kuti amulembere tsogolo lake, ndipo akalakwitsa dzina kapena kosi amadziwa mochedwa.

Mantha omwewa akula ndi kubwera kwa ChatGPT ndi zinzake. Ophunzira a ku koleji ayamba kale kupereka ntchito yolembedwa ndi makina, ndipo a ku sekondale sali kutali. Mphunzitsi amene sadayesepo zinthuzi sangazindikire chimangirizo chomwe mwana sadalembe yekha, ndipo sangadziwe kuti makinawa amatha kuyankha zabodza molimba mtima, makamaka pa mbiri ndi malo a kuno kwathu. Apanso mankhwala ake ndi mphunzitsi amene ali patsogolo pa ana ake, osati kumbuyo.

Otsutsa achinayi amaloza chala aphunzitsi eniake. Amati mukawapatsa bandulo ithera pa Facebook ndi pa mpira wa ku England. Amati ena adzayamba kungoyatsira ana vidiyo iwo ali pakhonde. Amati achikulire sangaphunzire zimenezi. Aphunzitsi nawonso ali ndi dandaulo lawo, lomwe ndi lomveka kuposa enawa: kuti chilichonse chatsopano chimabwera ngati katundu woonjezera pamwamba pa masikimu, malesoni pulani, marejisitala ndi mulu wa makope ochonga, popanda tambala yoonjezera. Za bandulo n'zosavuta. Makampani a mafoni amatha kukonza kuti masamba ena a pa intaneti azitsegulidwa osadya mayunitsi, ndipo bandulo ya mphunzitsi ikhoza kumangidwa kuti izitsegula za maphunziro zokha. MACRA, yomwe imayang'anira za mafoni ndi mauthenga m'dziko muno, ili ndi thumba la Universal Service Fund lomwe ntchito yake n'kufikitsa mauthenga komwe malonda okha sangafikitse. Sindikuona malo oyenera ndalama imeneyi kuposa apa. Za ukalamba sindizivomereza. Agogo athu adaphunzira Mpamba ndi Airtel Money popanda wekishopu, chifukwa adaona phindu lake. Mphunzitsi adzaphunzira chilichonse chomwe chikumuchepetsera ntchito, ndipo adzakana mwaulemu chilichonse chomwe chikumuonjezera. Choncho muyeso wa pologalamu iliyonse yobwera ku sukulu ukhale uwu: kodi ikumubwezera mphunzitsi ola limodzi pa sabata, kapena ikumulanda? Ngati masikimu omwe amakopera pamanja teremu iliyonse akhoza kubwera okonzeka kuti iye angosintha mogwirizana ndi kalasi yake, mwamupeza. Ngati mukufuna kuti azidzaza fomu ya pa foni kuonjezera pa ya pepala yomwe akudzaza kale, mwamutaya.

Kaphunzitsidwe ka aphunzitsiwo ndi komwe timalakwitsa kawirikawiri, ndipo apa ndiyankhula mosabisa. Chizolowezi chathu n'chotengera anthu awiri pa sukulu kupita nawo ku hotela ya m'mbali mwa nyanja masiku atatu, kuwapatsa alawansi, n'kuwauza kuti akaphunzitse anzawo. Opitawo nthawi zambiri amasankhidwa potengera kuti ndani sadadyeko chaka chino, ndipo otsalawo, poti sadalandire kanthu, amamvetsera ndi khutu limodzi. Chonsecho dongosolo labwino tili nalo kale. Zoni iliyonse ili ndi TDC yake, malo osulirapo aphunzitsi, ndi mlangizi wake, a PEA. Ikani intaneti yodalirika ndi sola pa TDC, aphunzitsi a zoni imeneyo azikumanapo kawirikawiri, wina aonetse anzake momwe adaphunzitsira tizigawo ndi kavidiyo komwe adapeza, anzake amutsutse, akayese, adzabwerenso. Chinthu chotere sichikoma pa chithunzi cha m'nyuzipepala ngati nduna ikupereka makatoni, koma ndicho chimasintha zochitika m'kalasi Lolemba m'mawa. Makoleji a aphunzitsi monga Karonga ndi Loudon ku Embangweni, pamodzi ndi Mzuni ndi University of Livingstonia, asatulutsenso mphunzitsi amene luso lamakono adangolilemba pa mayeso. Alione likugwiritsidwa ntchito ndi omuphunzitsa pa phunziro la masamu, la Chichewa, la zaulimi, chifukwa munthu amaphunzitsa momwe adaphunzitsidwira. Aphunzitsi ambiri omwe akukweza maphunziro awo kudzera mu ODeL, maphunziro a patali a ku Mzuni, adalawa kale kuphunzira pa foni, ndipo akudziwa kusiyana kwa mphunzitsi amene amangoponya manotsi pa gulu n'kusowa ndi amene amafunsa, kuyankha ndi kuchonga. Anthu amenewa ndi chuma chomwe chili kale m'sukulu zathu, chongofunika kuchigwiritsa ntchito.

Kwatsala nkhani ya magetsi ndi netiweki, yomwe ena amaitenga ngati yotseka mkangano wonse. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 ndizo zimaunikira magetsi, ndipo kumidzi n'zochepa kwambiri kuposa apa. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 tidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ife a kumapeto kwa nthambo n'kumagona mumdima. Sola nayo kuno imakumana ndi mitambo ndi mvula yamawawa yomwe imatha kukhala masiku osaona dzuwa. Koma zonsezi zikutsutsa chipinda cha makompyuta 40 ndi maphunziro ofuna kuti mwana akhale pa intaneti ola lathunthu. Sizikutsutsa foni ya mphunzitsi. Foni imadzaza ndi kasola kakang'ono ka pa denga. Phunziro silifunika kuonedwa pa intaneti nthawi yomweyo. Likhoza kutsitsidwa kamodzi pomwe pali netiweki, n'kuyenda pa memori khadi kapena pa Bluetooth kuchoka foni ina kupita ina. Amene akukayika apite ku msika akaone anyamata obena nyimbo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Filimu yotuluka sabata ino imafika ku Mpherembe ndi ku Usisya popanda unduna, popanda galimoto ya boma, popanda bajeti. Njira yofalitsira ilipo kale ndipo ikuyenda bwino. Chomwe chikusowa ndi maphunziro abwino, a silabasi yathu, ojambulidwa ndi aphunzitsi athu odziwa ntchito, ovomerezedwa ndi a ku Domasi, omwe aliyense angaloledwe kukopera mwaulere.

Pomwe tikudikira a ku Capital Hill, makomiti a sukulu ndi a PTA mu mzinda uno ali ndi mphamvu kuposa momwe amadzionera. Bungwe likabwera ndi makatoni, kuombera m'manja kusatsekereze mafunso: aphunzitsi angati aphunzitsidwa, ndipo adzabwerezedwa liti? Chikawonongeka tiimbire ndani, ali ku Mzuzu konkuno kapena ku Lilongwe? Batire ikafa chaka chachinayi, ndalama yake ili pa mzere uti wa bajeti, wa sukulu, wa khonsolo kapena wa unduna? Ndipo pokonza ndondomeko ya thandizo la ndalama lomwe sukulu za pulayimale zimalandira chaka ndi chaka, komiti ikhoza kukambirana zoikamo memori khadi ya mphunzitsi aliyense ndi kasola kotchajira mafoni mu ofesi ya ahedi, pambali pa choko ndi malata. Ofesi ya maphunziro ya mzinda uno ingathe kuyamba ndi zoni imodzi teremu ikubwerayi, n'kuyerekeza zotsatira za ana ake ndi za zoni yoyandikana nayo pakutha pa chaka.